Nthabwala ya ngalande ija, choseketsa chake chili m'malamulo

Achimwene, mwafunsa chomwe anthu akusekera pa nthabwala ya ku Soviet Union ija: "Ndani anakumba ngalande ya White Sea? Gombe la kumanzere anakumba onena nthabwala, la kumanja anakumba omvetsera." Musadzikayikire, mutu wanu uli bwinobwino. Kungoti nthabwala imeneyi siigwira munthu asanadziwe mmene ngalandeyo inakumbidwira.

Ngalandeyo ilipodi mpaka lero, kumpoto kwa Russia. Njira yake yonse, kuphatikiza nyanja ndi mitsinje imene imadutsamo, ndi makilomita 227, kuchokera ku White Sea kufika ku nyanja ya Onega, kuti sitima zizipitirira mpaka ku nyanja ya Baltic. Stalin, wolamulira Soviet Union nthawi imeneyo, ankafuna ithe msangamsanga, ndipo inathadi m'miyezi 20 yokha, kuyambira 1931 mpaka 1933. Okumba anali akaidi a ku Gulag, misasa ya boma yogwiritsa akaidi ntchito yakalavulagaga, thangata weniweni: mapiki, mafosholo ndi mawilibala amatabwa, m'chisanu choumitsa nthaka gwa ngati mwala. Anafera pomwepo anthu masauzande ambiri.

Nanga boma linkawapeza kuti akaidi ochuluka chonchi? Mpamene pagona nkhani. M'malamulo awo a milandu munali gawo 58. Ndime 10 ya gawolo inkalanga wonyoza boma, ndipo kanthabwala ka pa mowa konena za Stalin kankatha kukwanira. Ndime 12 ndiye inali ya inuyo womvetsera. Mwamva mnzanu akunyoza boma, inu osakamuneneza, mlandu ndi wanunso. Kaya munaseka, kaya munangoti duu kuyang'ana m'kapu, zilibe kanthu.

Ndiye taganizani. Nthabwala imodzi ikubala antchito awiri aulere, wina gombe ili, wina gombe lija. Kuwerengera kwake kwa mapulani a zaka zisanu, amene boma la Stalin linkayendetsera chuma, kumeneko! Koma chimene chimandikomera ine n'chakuti wokuuzani nthabwala ya ngalandeyi wadzipezera kale malo kumanzere, ndipo inu amene mwatchera khutu wakupezerani malo kumanja. Nthabwala yonena za msampha, iyo yomweyo n'kukhalanso msampha.

Pamwamba pa zonsezo, chifukwa cha phuma anaikumba yosazama, mamita atatu ndi theka basi, moti sitima zikuluzikulu za panyanja yamchere sizinkatha kudutsamo. Chimene chinatchuka kwambiri ndi fodya wotchipa wotchedwa Belomorkanal, wokhala ndi mapu a ngalandeyo papaketi.

Ili ndi mng'ono wake nthabwalayi, mwina iyi ikulowani mosavuta tsopano. Woweruza milandu akutuluka m'khoti akuseka mpaka misozi. Mnzake akumufunsa kuti kwagwanji. Iye akuti wangomva nthabwala yokoma kwabasi. "Tandiuzeko!" "Aaa, sindingathe amwene, mwiniwake ndangomupatsa zaka 10."