Phindu la zinyalala limathera pa ulendo wa ku Mzedi

Wowerenga wina wa ku Bangwe walemba kuti: "Ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito sikupezeka. Ndili ndi K200,000 yomwe ndakongola ku banki m'khonde. Kwathu kuno galimoto yonyamula zinyalala sifika, anthu amangotaya m'ngalande. Nditayamba kutolera khomo ndi khomo, ingakhale bizinesi?"

Achimwene, ndi bizinesi ndithu, ndipo ndasangalala kuti mwaiona pomwe ena amangotseka mphuno. Koma musanagule wilibala, dzifunseni kuti zimene mwatolerazo zikathera kuti. Mtaya wa mzinda wa Blantyre uli ku Mzedi, ndipo wilibala simungakafike nayo kumeneko tsiku ndi tsiku. Mudzafunika kuchita hayala kalole, apa ndi pamene ndalama zimathera.

Tiyerekeze kuti mwapeza makomo 40, lililonse likulipira K3,000 pamwezi. Ndi K120,000. Ngati zonse mukuzipititsa ku Mzedi sabata iliyonse, pafupifupi ndalama yonseyo mudzampatsa mwini lole, inu n'kutsala ndi msana wopweteka komanso ngongole ya kugulu ikukudikirani.

Ndiye chepetsani katundu wopita kumtaya. Khuthulani thumba limodzi la zinyalala za pakhomo muone: makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba ofota, zitsononkho, mkute wa nsima, phulusa la pambaula. Zambiri ndi zowola, ndiponso ndi zimene zimalemera. Amenewo ndi manyowa. Pezani kamalo, muziunjike, muzithirira madzi ndi kutembenuza, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mugulitse kwa a madimba ndi ogulitsa mbande za maluwa. Phulusa liikeni padera pouma, chifukwa opanga feteleza wa Mbeya amalisakaniza ndi madeya, ndowe ndi feteleza pang'ono. Mmene feteleza wadulira masiku ano, ogula sangasowe.

Khomo lililonse mulipatse matumba awiri, lina la zowola, lina la zouma. Amayi amene akusankhiratu okha muwachotsereko mtengo pang'ono, akuchepetserani ntchito. Zitsulo, zitini ndi mabotolo zili ndi ogula ake, funsani mitengo kwa anthu angapo. Majumbo opyapyala okha musawawerengere phindu. Boma linaletsa osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa jumbo) mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma akadali mbwee, ndipo ndi amene amatseka ngalande mvula ikagwa.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Ndalama ya hayala ikavuta, musakakhuthule zinyalala mumtsinje usiku. Onani mmene mtsinje wa Mudi ulili lero. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri. Madzi amene mungaipitsewo pali mayi amene akuchapira kumunsi kwake.

Pa K200,000 yanuyo, yambani ndi wilibala, fosholo, matumba, magolovesi ndi majombo, kwinako musunge ya hayala ya mwezi woyamba. Pitani ku khonsolo ya mzinda mukafunse za chilolezo ndi malipiro a kumtaya, muwadziwitsenso amfumu a m'dera lanu. Makomo akhale oyandikana, ndipo azilipira kumayambiriro kwa mwezi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money, kuti pokabweza ngongole kugulu musamayambe mwayenda khomo ndi khomo kulonjerera.