Laisensi ya ku Malawi ndi chindapusa chakale pa rodibuloko ku Johannesburg

Achimwene, mwalemba kuti mumayendetsa galimoto ya abwana anu yonyamula simenti ndi matailosi kuno ku Johannesburg. Lachisanu madzulo anakuimitsani pa rodibuloko, wapolisi nkunena kuti laisensi yanu ya ku Malawi sigwira ntchito kuno, kuti pa nambala ya galimotoyo pali chindapusa chakale, ndiponso kuti mukagona m'chitolokosi mukapanda kumupatsa kangachepe. Munapereka chifukwa cha mantha, ndiye mukufunsa ngati analidi ndi mphamvu zokumangani.

Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, analibe. Lamulo la pamsewu la dziko lino, National Road Traffic Act la 1996, limavomereza laisensi yochokera kunja ngati nthawi yake sinathe, ili ndi chithunzi ndi siginecha yanu, ndipo inalembedwa m'chiyankhulo chovomerezeka kuno. Ya kwathu ili m'Chingerezi, choncho pamenepo palibe vuto. Chofunika china nchakuti munaitenga musanakhazikike kuno, ndipo gulu la laisensiyo likugwirizana ndi kukula kwa galimoto imene mukuyendetsa. Muziyenda ndi khadi lenilenilo, osati chithunzi cha pafoni, pamodzi ndi pasipoti ndi pemiti yanu. Mukadzapatsidwa chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, mudzaisinthe ikhale ya South Africa osazengereza.

Pa chindapusa mpamene anthu athu ambiri amataya ndalama. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane milandu ing'onoing'ono ya pamsewu imayendetsedwa ndi lamulo la AARTO kuyambira 2008. Pepala la AARTO silikutengerani kundende. Muli ndi masiku 32, ndipo mukalipira m'masiku amenewo mumalipira theka chabe. Ngati simukuvomereza, mumalemba dandaulo ku bungwe la RTIA, limene limayendetsa lamulo la AARTO, kufotokoza mbali yanu. Ngati chindapusacho chinachokera ku kamera, chimapita kwa mwini galimoto, ndipo iyeyo ndi amene amatchula yemwe ankayendetsa tsikulo. Mwina chimene anakuonetsanicho sichanu nkomwe, mufunse abwana anu tsiku lake. Mukachinyalanyaza, kumabwera kalata yokukumbutsani, kenako chikalata chokakamiza kulipira, ndipo makompyuta a boma amatseka moti disiki ya galimoto (kapepala ka laisensi ya galimoto komata pagalasi) kapena laisensi yanu simungaikonzenso mpaka mutamaliza ngongoleyo. Nzopweteka ndithu, koma si zomangitsa munthu pamsewu.

Pepala lina ndi lija lokhala ndi tsiku lokaonekera kukhoti. Limeneli musalisiye m'galimoto mpaka kuiwalika. Mukapanda kulipira komanso osapita kukhoti, majisitireti amatulutsa chikalata chokumangirani, ndipo apo wapolisi amakhala ndi mphamvu zonse. Choncho akanena kuti akumangani chifukwa cha chindapusa, funsani mwaulemu kuti akuonetseni chikalatacho, muone dzina lanu ndi khoti limene lachitulutsa. Pa marodibuloko ena pamakhala galimoto yolipirirapo, koma mumalipira mwa kufuna kwanu ndipo mumalandira lisiti. Ndalama yolowa m'thumba la munthu popanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi katangale la 2004 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa mmene mtima umagundira munthu ukakhala mlendo m'dziko la eni. Koma ulendo wina nenani kuti, "Bwana, ngati ndalakwa ndilembereni tikiti." Onani dzina lake pachifuwa ndi nambala ya galimoto yawo, musunge mumtima, osakangana naye.

Ndisakunamizeni kuti kumangidwa pamsewu kulibe. Mowa umamangitsa pompopompo. Malire ake ndi 0.05 g m'magazi okwana 100 ml, ndipo kwa madalaivala a ntchito amene amafunika chilolezo chapadera chotchedwa PrDP ndi 0.02 g. Magazi amayenera kutengedwa pasanathe maola awiri, ndipo kukana kuyezedwa ndi mlandu pawokha. Liwiro nalonso limamangitsa mukapyola malire ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 pamisewu ikuluikulu ngati N1 ndi M1. M'tauni malire ndi 60 pokhapokha chikwangwani chitanena zina, ndiye amene akuthamanga 95 mumsewu wa Louis Botha kuno ku Johannesburg asadabwe unyolo ukamulowa m'manja, ngakhale khoti kumuimitsa kuyendetsa galimoto kwa kanthawi. Mumsewu umenewo mumadutsa ana asukulu ndi amayi amene akuthamangira ma taxi.

Zikafika pomangidwa, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza aliyense, nzika ndi mlendo yemwe. Muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chimene akumangirani, wokhala chete, ndi wolankhula ndi loya. Ngati mulibe ndalama, pemphani wa Legal Aid South Africa. Ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, ngakhale kuti nthawiyo ikathera pa Loweruka kapena Lamulungu mumadikira tsiku loyamba la khoti, nchifukwa chake chiopsezo cha Lachisanu chimagwira anthu mtima. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi okha atha kupereka belo. Kukhoti mutha kupempha womasulira m'Chichewa.

Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi pepala lovomera mlandu kupolisi. Akakudindani zala nkukuuzani kuti mungolipira mutuluke, dziwani kuti kusayina kumeneko kumatha kukusiyirani mbiri yoti munapezekapo wolakwa, ndipo imadzatulukira mukamakonzanso pemiti. Musasayine musanalankhule ndi loya.

Pakadali pano lembani tsiku, nthawi ndi malo a zimene zinachitika Lachisanuzo, mupeze nambala ya chindapusacho kwa abwana anu, ndipo mubwere nazo pamodzi ndi laisensi ndi pemiti kuti tione ngati tilipire kapena tilembe dandaulo.