Mwana wanu akufuna kulowa fraternity ku America? Kuletsa mowa pakokha sikumuteteza

Mayi ena andilembera imelo. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 19 wayamba kumene maphunziro pa yunivesite ina ku America, ndipo anzake akumukopa kuti alowe fraternity. Iye wawatsimikizira kuti palibe choopsa poti sukuluyo imaletsa mowa kwa aliyense wosakwana zaka 21. Mayiwa akufunsa ngati lamulo limeneli lili lokwanira kuti mtima wawo ukhale m'malo.

Mayi, silokwanira ayi.

Fraternity ndi gulu la ophunzira aamuna lodziwika ndi zilembo za Chigiriki, ndipo magulu ambiri amakhala ndi nyumba yawoyawo pafupi ndi sukulu. Ubwino ulipo: mwana wochokera kutali amapeza anzake, ndipo amene anadutsamo kale amathandiza achinyamata kupeza ntchito. Vuto lagona pa kalowedwe. Wofuna kulowa amayesedwa kaye kwa milungu ingapo, ndipo m'magulu ena mayesowo ndi nkhanza zonga zija amakumana nazo ana a Fomu 1 m'sukulu zogonera komweko, kungoti kumeneko chozunzira chake ndi botolo la mowa waukali. Eni ake amati hazing.

Mu February 2017, Timothy Piazza wa zaka 19 anamwetsedwa mowa wochuluka usiku womulandira m'gulu la Beta Theta Pi ku yunivesite ya Penn State. Anagwa pa masitepe n'kuvulala kwambiri m'mutu. Anzake anali m'nyumba momwemo akumuona, koma panatha maola pafupifupi 12 asanaimbe 911, nambala ya thandizo ladzidzidzi, ndipo Piazza anakamwalirira kuchipatala. Mu September chaka chomwecho, Max Gruver wa zaka 18 anamwalira ku Louisiana State University atakakamizidwa kumwa pa mwambo wa Phi Delta Theta, gulu lomwe linaletsa mowa m'nyumba zake kuyambira mu 2000. Onse awiri anali osakwana zaka 21. Malamulo analipo, koma mowa unangosamukira kuseri, kopanda wamkulu woyang'anira.

Imfa zimenezi zinagwedeza dziko. Maboma a Pennsylvania ndi Louisiana anakhwimitsa zilango za hazing mu 2018, ndipo bungwe la North American Interfraternity Conference, lomwe ndi mgwirizano wa magulu ambiri a fraternity, linalamula kuti pofika September 2019, mowa wa mphamvu yoposa 15 peresenti usapezeke m'nyumba za magulu ake pokhapokha pali wogulitsa wachiphaso. Komabe mu March 2021 Stone Foltz anafa ndi mowa pa mwambo wa Pi Kappa Alpha ku Bowling Green State University.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya Piazza ndi maola 12 aja. Anyamata akakhala kuti aphwanya lamulo, amaopa kuitana thandizo kuopa kudziulula. N'chifukwa chake ndikuti, Mayi, funsani mwana wanu ngati sukulu yake ili ndi lamulo lotchedwa medical amnesty. Mayunivesite ambiri ali nalo: woimba foni kuti mnzake woledzera athandizidwe salangidwa pa mlandu womwa mowa asanafike msinkhu, ndipo nthawi zambiri wodwalayonso salangidwa. Malire ake amasiyana malinga ndi sukulu, choncho aliwerenge yekha lisanafike tsiku la vuto. Kwa mwana wathu wokhala pa viza izi n'zofunika koposa, chifukwa mantha obwezedwa kumudzi angamutseke pakamwa mnzake akufa, kapena kuwatseka pakamwa anzake iyeyo akufa.

Muuzeninso zizindikiro. Munthu amene sakudzuka ngakhale mumugwedeze, akupuma modukizadukiza, akusanza ali chigonere, thupi lazizira, ameneyo sali m'tulo wamba. Mowa umapitirira kulowa m'magazi munthu atasiya kale kumwa. Amugoneke chammbali, asamusiye yekha, aimbe 911 pompopompo.

Chomaliza mungachite nokha muli konkuno. Mu December 2024 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo la Stop Campus Hazing Act, lokakamiza mayunivesite olandira ndalama za boma kuulutsa mayina a magulu opezeka olakwa pa hazing. Lowani pa intaneti, fufuzani lipoti la mayinawo pa tsamba la sukulu ya mwana wanu. Dzina la gulu lomwe likumukopalo likapezekapo, ine ndikanakhala inu ndikanamuuza mosapsatira kuti asalowe.