Kuphunzitsa mkombaphala ku America: pepala lofunika ndi liti?

Mayi wina watilembera pa imelo. Ankaphunzitsa pa sukulu ya mkombaphala kumudzi kuno, tsopano ali ku America, ndipo akufunsa ngati lamulo limafuna laisensi asanayambe ntchito.

Mayi, zimatengera state (chigawo cha America chokhala ndi malamulo akeake) imene mukukhalayo. Laisensi imodzi ya dziko lonse kulibe. M'ma state ambiri, laisensi imaperekedwa kwa malo osamalira anawo, ndipo lamulo limangotchula maphunziro amene wantchito ayenera kukhala nawo. Ku Washington DC anakhwimitsa mu 2016: mphunzitsi wotsogolera kalasi akhale ndi associate degree, digiri ya ku koleji ya zaka ziwiri, ngakhale tsiku lomaliza analisuntha mpaka December 2023. Kalasi ya pre-K (ya ana amene sanafike poyamba sukulu yeniyeni) pa sukulu ya boma ndi nkhani ina. Kawirikawiri amafuna digiri ya zaka zinayi ndi laisensi ya uphunzitsi. Ndiye musanatulutse ndalama, dziwani khomo limene mukufuna kulowera.

Kufufuzidwa mbiri kokha simungakuzembe. Lamulo la 2014 la ndalama zosamalira ana limafuna kuti mudinde zala kuti a FBI, apolisi ofufuza a dziko lonse la America, aone mbiri yanu, ndipo amabwereza zaka 5 zilizonse.

Ife timati yambani ndi CDA (Child Development Associate), satifiketi ya osamalira ndi kuphunzitsa ana aang'ono yochokera ku bungwe la Council for Professional Recognition. Pamafunika maphunziro a sekondale, maola 120 a maphunziro m'magawo 8 (osachepera maola 10 gawo lililonse), maola 480 ogwira ntchito ndi ana, fayilo ya ntchito zanu, mayeso a pa kompyuta, ndipo angatumizenso munthu wodzakuonererani muli m'kalasi. Imatha pakapita zaka 3, ndiye mumaikonzanso.

Pomwe anthu amagwa ndi apa. CDA ili m'mitundu ingapo, monga ya makanda, ya ana a zaka 3 mpaka 5, ya osamalira ana pakhomo. Maola 480 aja akhale ogwirizana ndi mtundu umene mwasankhawo, a msinkhu wina sawerengedwa. Ena amalipira kosi ya pa intaneti imene state yawo siizindikira, ndalama n'kulowa m'madzi. Funsani kaye ku ofesi ya child care licensing, yopereka malaisensi a malo osamalira ana, ya state yanu.

Mapepala a kunowa musawataye. Mabungwe ngati WES (World Education Services) amawayesa n'kunena kuti akufanana ndi chiyani kumeneko, koma nthawi zambiri amafuna kuti sukulu kapena koleji iwatumize yokha, osadzera m'manja mwanu. Izi zimachedwa, choncho yambani nazo msanga, maola ajawo mukuwasonkhanitsa.