Achemwali, za ulendo wa ku Zomba uja

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko, alamu ndi ana ali bwanji? Ndaona funso lanu pagulupu paja, loti kodi bambo ndaika pa sitatasi aja ndi abale athu a mbali iti, nanga bwanji ndikufuna kunyamuka mpaka ku Zomba nthawi yosoka fodya ino. Nde ndati ndingojambula mawu chifukwa nkhani yake ndiyaitali, mumvere mukakhala pansi.

Si abale athu ayi, magazi palibe. Aja ndi a Pulofesa amene anandiphunzitsa Chingerezi ku Chanco, Chancellor College, koleji ya yunivesite ya ku Chirunga ku Zomba kuja. Atisiya mwezi wathawu, maliro anaika kale kwawo, nde ife amene tinadutsa m'manja mwawo tagwirizana kuti tikakumane ku Zomba tikachite mwambo wowakumbukira, akubanja nawonso akakhalapo.

Koma bambowa inu mukuwadziwa achemwali, ngakhale simunawaonepo maso ndi maso. Mukukumbuka holide ija ndinabwera ndi wayilesi ya kaseti yobwereka, mabatire ndinachita kugula pa Kasungu boma, nkumakhala madzulo pakhonde ndi agogo aakazi kuwajambula nthano? Inu nomwe munali pompo, agogo akati padangotero inu nkumayankhira kuti tili tonse, mpaka munaimba nawo nyimbo ya m'nthano ya mtsikana wokana amuna ija. Anthu pamudzi ankadabwatu, ati mwana tamutumiza ku yunivesite kukaphunzira Chingerezi nde wabwera kudzatolera za Kalulu ndi Fisi. Amene anandituma ndi a Pulofesa amenewa. Inali asayimenti, aliyense apite kwawo akajambule nthano, miyambi, zilapi, nyimbo za pamtondo, azilembe mmene agogo ayankhulira osakonza kalikonse, kenako azimasulire m'Chingerezi nkufotokoza kuti wokambayo amakweza mawu pati, amaima pati, nyimbo amailowetsa pati ndipo chifukwa chani. Ankatiuza kuti munthu amene sangamve luso la agogo ake sangamvenso luso la wolemba wa ku London, chifukwa khutu lake ndi lomwelo.

Mudziwe kuti kwa ife ana a ku Kasungu zimenezo zinali zachilendo kwambiri. Tinakula tikuona Kamuzu Academy pa Mtunthama pompa, anaitsegula 1981, aphunzitsi ake azungu ochokera ku Mangalande, ana akuphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki, nde m'mutu mwathu munalowa zoti maphunziro enieni ndi okhawo ochokera kutsidya kwa nyanja, zathuzi ndi zocheza pamoto basi. Nkudzapeza Mmalawi mnzathu, Chingerezi chake chosalala kuposa cha pa wayilesi, mabuku a azunguwo anawawerenga mpaka kumawanena pamtima, koma akumvetsera kaseti ya agogo athu osapita kusukulu mwaulemu, kubweza tepi kuti amvenso pena, nkundifunsa kuti mayi amenewa akadali moyo? Mukawathokoze. Ine zimenezo zinandisintha achemwali, mpaka lero.

Ndiye nthawi yakenso inali yovuta, ana a masiku ano sangamvetse. Mu 1987 boma linali litamanga a Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pomwepo, kuwatsekera ku Mikuyu kufupi ndi Zomba komweko popanda kuwazenga mlandu, anadzatuluka 1991. Nde tangoganizani kuphunzitsa ndakatulo m'dipatimenti yomweyo, mnzanu ali m'ndende makilomita ochepa chabe, mukudziwa kuti m'kalasi mutha kukhala munthu wokanena ku polisi zimene mwayankhula. Mabuku ena anali oletsedwa, sewero lililonse limayenera kudutsa kaye ku bungwe loona zoletsa lija lisanaonetsedwe. Aphunzitsi ena anachoka m'dziko, ndipo ine sindiwanena, aliyense anali ndi ana ake oti aziwaganizira. Koma awa anakhala, ankalowa m'kalasi tsiku ndi tsiku. Sankatukwana boma ayi, sanatiuzepo kuti tiganize chakuti, ankangowerenga ndakatulo mokweza pang'onopang'ono kenako nkufunsa kuti wolembayu wanena chani, nanga chimene sananene ndi chani. Basi kalasi yonse zii, aliyense akumva yekha mumtima.

China chimene sindinakuuzenipo. Kukhala wa ku Kasungu nthawi imeneyo, kwawo kwa Ngwazi, anzako ena amakuopa, ukafika pagulu nkhani imasintha, amaganiza kuti mwina ndiwe kazitape. Zinkandiwawa. Kunali gulu la alembi lija, Writers Group, linayamba 1970, ankakumana sabata iliyonse madzulo, ophunzira ndi aphunzitsi kukhala pamodzi, wina awerenge ndakatulo kapena nkhani yake ena aziisanthula mosanyengerera, ine ndinkangodutsa panja kuopa kulowa. A Pulofesa ndi amene anandigwira dzanja tsiku lina nkulowa nane, kundikhazika pafupi ndi iwo, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba kumasuka nane. Pamene mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma ija mu Malichi 1992, ophunzira nkuguba, koleji nkutsekedwa, mukukumbuka ndinangofika kumudzi mwadzidzidzi amayi nkudabwa, ndalama ya basi imene ndinayendera anandipatsa ndi iwowo kuchoka m'thumba mwawo, ndipo sindinali ndekha amene anathandizidwa. Ndinadzafuna kubweza nditayamba ntchito, anakana.

Koma musaganize kuti anali ofewa, ayi ndithu. Pepala lako limabwera lofiira ndi bolopeni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chiganizo ankachipalira ngati mmene amayi ankapalirira mtedza, kuchotsa udzu wonse koma osakhudza chomera. Ukalemba mawu aakuluakulu ofuna kudzionetsa amangolemba m'mbali kuti ukufuna kunena chani, nena chimenecho. Ndipo amawerenga mapepala onse okha, mzere ndi mzere, kalasi ikule bwanji. Ineyo lero ndikakhala usiku ndi makope a ana a Fomu 4, magetsi atazima ndikuunikira ndi foni, mtima ukundiuza kuti ingochonga pamwambamwamba ukagone, ndimakumbuka bambo amenewa nkupitiriza.

Tsopano pa gulupu ya ife ophunzira akale pali kukokana pang'ono, ndikuuzeni chilungamo. Ena, makamaka amene ali m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi ena ali kunja, akufuna tisindikize nsalu ya nkhope yawo, matisheti, nkhata zamaluwa zambirimbiri, madzulo ake chakudya ku hotela. Sindikuti nzoipa, nawonso akulira, aliyense amalira mwa njira yake. Koma ine ndanena poyera kuti ndalama yanga sipita ku nsalu. Bambo aja jekete yawo inali imodzimodzi chaka ndi chaka, ndalama zawo zinkathera mabuku ndi ana a eni. Ine ndapempha kuti chipepeso chipite kwa amayi amasiye kaye, chimenecho nchosakambirana, chotsalacho tigule mabuku tipereke m'masukulu a CDSS akumudzi, komanso chaka chilichonse tizilipirira fizi mwana mmodzi kapena awiri ovutika amene akuphunzira Chingerezi ku yunivesiteko, m'dzina lawo. Inu mukudziwa mmene zilili, pa MSCE mwana akhoze masamu, akhoze sayansi, akalephera Chingerezi satifiketi palibe. Pamene pasukulu pathu buku la literature limodzi ana amaunjikana gulu lonse, wina amafika mpaka mayeso a MANEB asanaligwire yekha, amangodalira manotsi. Wanu wachiwiri uja chaka chamawa akulemba, mufunseni ngati analiwerengapo buku lonse mpaka kumapeto, akuuzani. Ambiri pagulupu ayamba kugwirizana nazo, makamaka aziphunzitsi anzanga, tikamaliza kukambirana komweko.

Paja ana akamati Chanco kulibenso asakusokonezeni, ndi malo omwewo, kungoti kuyambira 2021 anagawa, Chanco inatsala ndi dzina la University of Malawi, Poly inakhala MUBAS, za udokotala ndi unamwino nkukhala KUHeS. Mwambo ukakhala komweko ku Chirunga.

Za fodya musadandaule, ndakambirana ndi mayi a kunyumba, anyamata aganyu apitiriza kusoka, zigafa ndakonza kale sizikudontha. Thiransipoti yakwera inde, ndikudziwa mukuganizira zimenezo ndipo simukulakwa, koma kumaliro sindinapite nde uku sindingalephere. Ndinyamuka Lachisanu mmamawa, kukasintha basi ku Lilongwe, kudzera Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde mpaka Zomba, Lamulungu usiku ndabwerera, Lolemba ndili m'kalasi.

Nde pali chimene ndikupempha kwa inu achemwali, poti makiyi a nyumba ya malemu amayi ali ndi inu. M'thiranki yobiriwira ija, pansi pa mabulangete, muli makaseti aja a agogo ndi kope lachikuto cholimba mmene ndinalembamo nthanozo, muli ndi zolemba zawo zofiira a Pulofesa m'mbalimu. Andipatsa mphindi zochepa zoti ndikayankhule, nde ndikufuna ndikawerenge nthano imodzi ya agogo m'Chichewa chawo chomwecho, ndipo pali mnzanga wina akuti ali ndi makina osamutsira mawu a pakaseti kupita pa kompyuta, ngati tepi sinaonongeke ndi chinyezi ndidzaponya pagulupu pano ana amve mawu a agogo awo. Chonde mumutume mphwangayo apite nazo pa siteji Lachinayi, apatse kondakitala wodziwika, munditumizire nambala yake ndikadikirire pa depoti. Makasetiwo muwakulunge m'pepala la pulasitiki, mvula ikugwayi, ndipo asawayese mu wayilesi iliyonse, atha kudula tepi. Mupereke moni kwa alamu.