Bwanji achimwene amatengedwa magazi asanalandire diripu?

Funso: Adokotala, achimwene anga ali ku Johannesburg ndipo adawapeza ndi khansa ya chiwindi. Akulandira mankhwala a m'diripu otchedwa atezolizumab ndi bevacizumab. Ulendo uliwonse amayamba atengedwa magazi, mpaka mkono wadzaza zipsera za jakisoni. Kodi m'magazimo akufunamo chiyani? — Mlongo wodandaula, Zomba

Yankho: Pepani chemwali, matendawa ndi olemetsa banja lonse. Atezolizumab sapha khansa mwachindunji. Amamasula asilikali a m'thupi kuti aione ndi kulimbana nayo. Vuto n'lakuti asilikaliwo nthawi zina amatembenukira chiwindi chomwecho, kapena chithokomiro. N'chifukwa chake diripu ya masabata 3 aliwonse isanaikidwe, timayeza ALT, AST ndi bilirubin, zinthu za m'magazi zimene zimasonyeza ngati chiwindi chavulala. Zikakwera kwambiri, mankhwala amaimitsidwa kaye, ndipo wodwala angapatsidwe ma steroid, mankhwala ofatsitsa asilikali a m'thupiwo.

Chinanso ndi AFP, puloteni amene zotupa zambiri za m'chiwindi zimatulutsa. Ine ndikaona nambala ya AFP ikutsika m'miyezi yoyambirira, mtima umakhala m'malo. Koma musadalire nambalayi yokha. Zotupa zina sizikweza AFP n'komwe, ndipo chigamulo chenicheni chimachokera pa sikani ya CT kapena MRI.

Auzeni achimwene azilemba zotsatira zonse m'kabuku, ndi madeti ake. Afunsenso ngati adayezedwa hepatitis B, kachilombo kamene kamayambitsa khansayi kwambiri kuno ku Africa. Akakhala nako, mankhwala monga tenofovir amafunika pamene akulandira diripuyo. Inunso chemwali, ndi abale onse obadwa bere limodzi, pitani mukayezetse.