Funsani Malume: Chingwe cha mumsika, njovu za ku Liwonde ndi utsi wa Okutobala

Malume,
Ndine mnyamata wa zaka 22 ndipo ndimakhala kufupi ndi Likhubula ku Mulanje. Ndinaonera pa YouTube alendo akukwera khoma la nsonga ya Chambe, m'phiri la Mulanje, ndi zingwe, mtima wanga unadumpha. Ine ndi mnzanga tasonkherana n'kugula chingwe cha nayiloni cha mamita 50 mumsika wa Limbe. Mphamvu tili nazo, phirili tinayamba kulikwera tili ana. Tiyambire pati?
*Mnyamata wa ku Likhubula*

Mphwanga, chingwe chimenecho ukamangire mbuzi. Sindikunyoza ayi. Chingwe chokwerera miyala amachiluka mwapadera kuti chizitamuka munthu akagwa, ndipo kutamukako ndi kumene kumateteza thupi. Cha mumsikacho chikhoza kuduka chikakhulana ndi mwala wakuthwa, ndipo chikapanda kuduka chikuimitsa mwadzidzidzi, msana n'kuthyoka uli lende m'malere. Komanso chingwe pachokha sichikwanira. Pamafunika lamba wovala m'chiuno ndi m'ntchafu, chipewa cholimba choteteza mutu ku timiyala togwa, zokolowekera zachitsulo, nsapato zothina za mphira wofewa, ndi mnzako wodziwa kugwira chingwe iwe ukaterereka. Mwa zonsezi, chovuta kupeza ndi mnzako wodziwa kugwira chingweyo, chifukwa luso limenelo silipezeka m'sitolo.

Khoma la kumadzulo kwa Chambe ndi lalitali mamita pafupifupi 1,700, ndipo odziwa za masewerawa amaliika pagulu la makoma aatali kwambiri mu Africa muno. Ukaliyang'anitsitsa uli pamsewu wopita ku Phalombe uona kuti lili pawiri. M'munsi muli thanthwe lopendekeka, kenako khonde lomera tchire, ndiye pamwamba pa khondelo khoma lachiwiri, lalitali kuposa loyambalo, loima chilili. Chovuta chake si kutalika kokha. Mwala wa ku Mulanje uli ndi ming'alu yochepa, choncho malo okolekapo zitsulo zoti zikugwire ukagwa ndi otalikirana. Pali malo amene wokwera amadalira kumata kwa nsapato pathanthwe ndi tizitsotso ta udzu tomera pamwala, tomwe tina timazuka ukangotikoka. Akatswiri a zaka zambiri amakonzekera kugona kukhomako usiku.

Ndiye uyambire pansi penipeni. Kwanuko miyala ikuluikulu yogumuka kuphiri ili mbwee m'mbali mwa mtsinje ndi m'minda. Sankha waufupi, woti ukalumpha uli pamwamba pake sungavulale, pansi pake pakhale pamchenga kapena uyalepo matiresi akale, mnzako aime kumbuyo kwako manja ali m'mwamba kuti ukagwa mutu usagunde pansi. Pamenepo uphunzira chinthu chomwe anyamata amphamvu amachedwa kuchimvetsa, choti munthu amakwera ndi miyendo, manja ntchito yake n'kungomusunga pafupi ndi mwala. Ndaonapo kamtsikana kowonda kakudutsa pamwala umene chimphona chonyamula zitsulo chinaulephera, chifukwa kankayang'ana poponda chala chachikulu cha kuphazi pamene chimphonacho chinkangodzikoka ndi mikono mpaka kutopa.

Za zingwe ukaphunzire kwa anthu, maso ndi maso. Ku Lilongwe kuli a Climb Malawi omwe ali ndi khoma lophunzirirapo ndi zipangizo zake, ndipo a Mountain Club of Malawi akhala akuyenda m'phiri la Mulanje kwa zaka zambiri. Lankhula nawo. Ndikudziwa kuti ku Lilongwe ndi kutali ndipo thiransipoti yakwera, komabe ndalama yake siifanana ndi ya njinga ya olumala.

Pakadali pano nsonga ya Chambe ukhoza kukaifika popanda chingwe, kudzera pamtandadza wa kum'mawa, kuchokera ku Chambe Hut, nyumba yogona okwera phiri. Pali malo oti ugwire ndi manja, ndipo kutsika n'kovuta kuposa kukwera. Pita ndi wolondolera wovomerezeka wa pa Likhubula ngakhale uli mwana wa komweko, ndipo mwala ukanyowa bwerera. Chimodzimodzi ku Sapitwa, pa mamita 3,002. Kuchokera pa nyumba yogona ya Chisepo Hut ndi maola atatu kapena anayi kukwera kokha, kudutsa m'mapanga ndi pamatanthwe osalala. Chiperoni chikakuta, munthu saona ngakhale mnzake amene ali mamita 10 patsogolo. Mu Julaye 2009 mlendo wina wa ku Brazil, mnyamata wamphamvu ndithu, anasiya womulondolera n'kupita yekha kunsongako. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha milungu pafupifupi itatu. Chinamupha ndi kuzizira. Kumbukiranso kuti namondwe wa Freddy mu 2023 anagumula malo ambiri m'phirimo, moti njira ina imene unkaidziwa uli mwana mwina lero ndi chigwembe.

Malume,
Mwezi wathawu tinapita ndi ana ku Liwonde National Park pagalimoto yathu. Njovu tinaziona, koma pazithunzi za pafoni zikuoneka kutali kwambiri, ndikazikulitsa zikungoti mbuu. Abambo akunyumba akuti ulendo wina adzatsika m'galimoto kuti adzajambule pafupi, akuti njovu zake n'zozolowera anthu. Kodi akunena zoona? Nanga ndigule kamera?
*Mayi wa ku Balaka*

Mayi, muwauze abambowo kuti Malume akuwapatsa moni, koma asadzatsike. Njovu za ku Liwonde zinazolowera galimoto, sizinazolowere munthu woyenda ndi miyendo iwiri. Muli m'galimoto, nyama imaona chinthu chimodzi chachikulu chomwe sichinaipwetekepo. Chitseko chikangotseguka munthu n'kuima pambali, imaona mlenje. Ndipo musaiwale kuti paki imeneyi si ija ya kale. Chiyambire 2015 pamene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma, mwabwerera nyama zolusa. Mikango anaibweretsa mu 2018, mimbulu mu 2021, ndipo mu 2019 munafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinaswana mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinanso 263 ku Kasungu mu 2022. Tchire limene abambowo akufuna kuimamo lili ndi eni ake.

Ngakhale muli m'galimoto, phunzirani kuiwerenga njovu. Ikamakupiza makutu pang'onopang'ono uku ikudya, ikungodziziziritsa. Ikasiya kudya, n'kudzutsa mutu, makutu n'kuwatambasula osawagwedeza, kapena kupukusa mutu mpaka fumbi kuti kobo, ikukuuzani kuti mwayandikira. Bwererani m'mbuyo mwakachetechete, osaliza hutala. Yamphongo yomwe ikutuluka madzi akuda pakati pa diso ndi khutu, miyendo yakumbuyo ili chinyowere ndi mkodzo, ipatseni msewu wonse. Musaime pakati pa mayi ndi mwana wake, ndipo poimika galimoto muziona kaye kothawira.

Tsopano za zithunzi. Mukamakulitsa ndi zala pafoni, foni siyandikitsa kanthu. Imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukatambasula, ngati kuthira madzi m'ndiwo kuti zikwanire alendo. N'chifukwa chake zikuchita mbuu. Pali njira zingapo zosalira ndalama zambiri.

Yoyamba, lekani kulimbana ndi kutalika. Foni imajambula bwino malo, choncho jambulani njovu zili m'malo mwake, gulu lonse likutsikira ku Shire, migwalangwa ili kumbuyo, mlambe uli pambali. Chithunzi chotere chimanena za Liwonde. Mutu wa njovu wodzaza chithunzi chonse ukhoza kukhala wa kwina kulikonse.

Yachiwiri ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluza. Banja limadzuka, kuphika, kusamba, kudikirana, n'kukafika pageti dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo nyama zabisala m'mithunzi, ndipo kuwala kochokera pamwamba kumachititsa njovu kuoneka yotuwa, maso osaoneka. Fikani pageti akamatsegula kumene, kapena dikirani dzuwa lipendeke. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Zimitsani injini, chifukwa kunjenjemera kwake kumafika m'manja. Tsamiritsani foni pazenera, pansi pake muikepo kathumba ka nyemba kapena ka mpunga kuti isagwedere, ndipo pukutani diso la kamera, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi mafuta a zala za ana. Mukatero khalani pamalo amodzi. Pa dambo pamene pali madzi, theka la ola lodikira limabweretsa njiri, nswala ndi anakodzwe ambiri kuposa kuzungulira paki yonse mothamanga.

Yachitatu, kwerani boti. Ku Liwonde nyama zimabwera zokha kumtsinje, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala madzi akauma m'tchire. Woyendetsa boti amadziwa poima, ndipo njovu zikumwa madzi, mvuu, ng'ona zowothera dzuwa ndi nkhwazi mudzaziona pafupi moti foni yomweyo ikwanira. Ana manja asamawapise m'madzi.

Kamera musathamangire. Ndalama ikapezeka, yambani mwagula mabainokyula. Ana aona nsidze za njovu ndi maso awo, ndipo mukagunditsa diso la foni pa diso limodzi la mabainokyulawo, dzanja lili phee, mupeza chithunzi chapafupi chooneka bwino ndithu. Kamera idzabwere mukadzaona kuti chidwi sichikutha, ndipo pogula mudzayang'ane kwambiri lenzi, ya mamilimita 300 kapena kuposa, ngakhale kamerayo ikhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Mudzanyamulenso chitupa cha unzika, poti Amalawi timalipira mtengo wotsika pageti. Zovala zakuda ndi zabuluu zisiyeni kunyumba, zimaitana akashembe.

Malume,
Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndikubwera kumudzi mu Disembala. Ndikhala ndi masiku atatu okha oyenda ndekha ndi kamera. Ndipite ku Nyika kapena ku Majete? Ndili ndi ka droni, ndikatenge?
*Wa ku Thyolo, wokhala ku Johannesburg*

Achimwene, masiku atatu kuchokera ku Thyolo, pitani ku Majete. Ku Nyika n'kokongola nthawi ya dzinja, mapiri ali biriwiri, mbidzi, nchefu ndi achilembwe zili poyera, maluwa akutchire akuyamba kumasula. Koma masiku anu awiri athera pamsewu, ndipo kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda, kumene alendo amagona m'pakiyo, mvula ikagwa pamafunika galimoto yokoka mateyala onse anayi ndi mtima wodekha. Sungirani Nyika chaka chimene mudzakhale ndi sabata yathunthu.

Ku Majete mutsika chitunda cha Thabwa, kuwoloka Shire pa Chikwawa, tsiku lomwelo mwayamba kujambula. Malowa nyama zinali zitatsala pang'ono kutha psiti mpaka 2003 pamene ntchito yobwezeretsa inayamba, ndipo lero muli njovu, zipembere, njati, mikango ndi anyalugwe. Dziwani kuti mu Disembala tchire lawirira ndipo madzi ali paliponse, choncho nyama zimamwazikana, simungazione mwaunyinji ngati mu Okutobala. Mphoto yake ndi ana a nswala obadwa kumene, mbalame zobwera kuchokera kutali, ndi mitambo yakuda ya mvula imene imakometsa chithunzi kuposa thambo loyera. Ku Chikwawa kumatentha koopsa, nyamulani madzi ambiri.

Droniyo musaiulutse m'paki popanda chilolezo cha oyang'anira. Kulira kwake kumabalalitsa njovu, ndipo akhoza kukulandani.

Malume,
Ndinakwera Mulanje mu Okutobala ndi anzanga a kutchalitchi. Maso ankaona kukongola, koma zithunzi zonse zatuwa, chigwa sichikuoneka. Foni nayo inazima tsiku lachiwiri. Ndinalakwitsa chiyani?
*Mtsikana wa ku Ndirande*

Mwana wanga, foni yako ilibe mlandu, mwezi ndi umene unakulakwira. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, m'mlengalenga mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi wa m'minda. Ubongo umadziwa kale kuti kunsiko kuli minda ya tiyi ndiye umakuthandiza kuiona, pamene kamera imalemba utsi womwe ulipowo. Ukafuna chigwa chooneka mpaka kutali, kwera mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, mvula itangosiya, mpweya uli wotsukika ndipo mathithi akadali ndi madzi. Ukakakamizika kupita mu Okutobala, siya zakutali ujambule zapafupi, monga madzi a pa Dziwe la Nkhalamba, khungwa la mkungudza, kapena anzako akuwoloka mtsinje atagwirana manja. M'chithunzi cha phiri muzikhala munthu, ngakhale wochepetsetsa pakona, kuti woona adziwe kukula kwa thanthwelo.

Batire limatha msanga chifukwa cha zinthu ziwiri, kuzizira ndi kusakasaka netiweki kumene foni imachita tsiku lonse. Itseke netiweki ukangoyamba kukwera, usiku uigoneke m'thumba la chovala chimene wavala, ndipo usadalire kukatchaja kunyumba zogona za m'phirimo. Tenga pawabanki yodzaza, uikulunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi foni chifukwa cha nkhungu. Usajambulenso mpaka batire kutheratu. Siyako kotala yoti uimbire wina akabzungunyuka bondo.

Chomaliza, m'njira ya ku Chambe ndi ya ku Lichenya ukumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi anyamata onyamula zikwama za alendo. Zithunzi zawo zimakongola, ndikudziwa. Apatse moni kaye, upemphe, ndipo akakana bweza foni m'thumba. Wonyamula katundu wako akavomera, tenga nambala yake ndipo ukatsika umutumizire chithunzicho pa WhatsApp.